Dzina la Shumei Lilipobe, Adada

CHAKUFWA MWANDIRA
wa ku Uliwa, Karonga
Anabadwa mu 1931, anatisiya mu Okutobala 1982

Adada, mwezi uno zakwana zaka khumi chitisiyireni. Anthu amati nthawi imapoletsa, koma kunyumba kwanu kuno sitinazione. Amama, NyaKayira wanu uja, akaphika kampango amapatulabe mutu n'kuuika pambali, kenako n'kukumbuka kuti woudya kulibe, n'kuukankhira kwa mwana wanu Manase mokalipa ngati wolakwa ndi iyeyo.

Tikudziwa kuti kumene muliko mukuseka poona ana anu akukuyankhulani m'Chichewa, chinenero chimene inu munkachithyola popanda chisoni mukamakangana ndi makalaliki. Tikanakhala pakhonde tikanakulirani m'Chitumbuka chathu. Koma izi taziika m'nyuzipepala dala. Pali anthu ena ku Uliwa konkuno, ena kumaofesi kuboma, amene tikufuna awerenge ndi maso awo, asadzanene kuti anachita kumva kwa wina. Chithunzi chili pamwambachi ndi chokhacho chimene tili nacho. Jekete munabwereka kwa ang'ono anu a Zebedee, n'chifukwa chake manja ake akulekeza panjira.

Tiyambe ndi dzina lanu. Agogo anaika ana atatu m'manda inu musanabadwe, ndiye mutabadwa anati uyunso ndi Chakufwa, kuti imfa ikamva dzinalo iyese yatenga kale, ipitirire. Munkaseka nalo. Munkati munthu amene imfa inamutchula ali khanda sangaope mnzake wopuma mpweya ngati iye. Koma mumtima simunkalikonda, ife tikudziwa. Munkati mwana asamayende ndi maliro pamutu. Choncho amama atataya ana awiri motsatizana pambuyo pa Yunike ndi Manase, n'kukhalanso ndi pakati, abale atakonzeratu kuti akabadwa adzakhale Malaro, ndiko kuti manda, inu munangoti yayi. Munati ameneyu akhala ndi dzina la anthu amoyo, imfa ikafuna imupeze atavala bwino.

Masiku amenewo munali ndi poloti kusikimu ya mpunga, ndipo mlangizi wanu anali a Lini, mmodzi wa Matchaina amene boma linaitana kuchokera kuchilumba cha Taiwani kudzaphunzitsa ulimi wothirira. Anali munthu wamfupi, wachipewa chotambalala, wolowa m'matope ndi kabudula ngati mlimi wina aliyense. Ubwenzi wanu unayamba ndi mkangano. Inu munazolowera kumwaza mpunga monga ankachitira makolo, iwo n'kubwera ndi chingwe cha mfundo kuti mbande muziwokera m'mizere. Munawauza kuti mpunga si ana a sukulu kuti uziima pamzere. Iwo anangoseka n'kupitiriza kukoka chingwe chawo. Itafika nthawi yokolola, munaona nokha mmene ngala zinalemerera, ndipo munawapititsira mkoko wa nthochi osanena chimene mukupepesa.

Mu Febuluwale wa 1970 matenda anawayamba amama masana ali kumunda. Mvula inali itagwa masiku angapo, mtsinje unadzaza mpaka kukwirira msewu, ndipo azamba ataona anati mwana wagona mopingasa, pano sipatheka. Palibe woyendetsa galimoto amene anafuna kulowa m'madzi amenewo. A Lini anasiya ntchito yawo, n'kutenga galimoto ya sikimu, n'kuwoloka nawo madzi akulowa pakhomo la galimotoyo, mpaka kuchipatala ku Chilumba. Amama anakhala moyo. Mwana wamkazi anabadwa, analira, ndipo anapitiriza kulira mpaka anamwino anadandaula.

Kwathu kuno munthu akakuchitira chachikulu chotere umamutcha mwana dzina lake. Palibe ulemu woposa pamenepo. Ndiye munagwira tambala woyera uja, kuvala malaya a kutchalitchi, ulendo kwa a Lini kukawauza kuti mwanayo ndi Lini. Munkayembekeza kuti munthu avina. M'malo mwake nkhope yawo inagwa, anatambasula manja onse awiri kukana, mutu uli pukupuku. Munabwerera tambala ali kukhwapa, mukulalata njira yonse. Munauza amama kuti Mtchaina wanyansidwa ndi mwana wakuda, kuti kuseka konse kuja kunali kwa mano okha. Sabata yonse munkawalambalala pangalande osawapatsa moni, inu amene munkalonjera ngakhale agalu a eni.

Lamulungu masana a Lini anabwera okha pakhomo. Anakhala pampando wanu wa ndalema, ndipo ndi Chitumbuka chawo chothyokathyoka, Chizungu pang'ono ndi manja ambiri, anakufotokozerani. Lini si dzina lawo ayi, ndi mfunda, monga Mwandira, kungoti kwawo mfunda ndi umene umayamba. Ndipo dzina lawo lenileni sakanatha kulipereka, chifukwa kwawo mwana satchedwa dzina la munthu wamkulu, kaya wamoyo kaya womwalira. Ndi mwano woopsa. Iwo eni anali asanatchulepo dzina la bambo awo chibadwire. Anakufunsani kuti mwanayo akadzaswa mbale, mayi ake n'kumukalipira potchula dzinalo, wokalipiridwa adzakhala ndani. Munaseka mpaka misozi. Munawauza kuti ngati zili choncho ndiye kuno agogo amakalipiridwa tsiku lililonse, ena amakwapulidwa ndithu.

Kenako anafunsa tanthauzo la dzina lanu. Mutawauza sanadabwe. Anati kumidzi ya kwawo nakonso khanda amatha kulitcha kagalu kapena kanthu kena konyozeka kuti mizimu yoipa ilidutse, koma limenelo ndi dzina la kubere, limatha mwana akakula. Dzina lenileni amalisankha modekha, chifukwa ndi mmene makolo amanenera chimene akumufunira mwanayo moyo wake wonse. Atatero anatola kamtengo, n'kusalaza dothi ndi dzanja, n'kujambula zilembo ziwiri.

Choyamba anati ndi Shu. Anakuonetsani pamwamba pake phesi la mpunga litaweramitsa mutu, ndipo anati ndi mpunga pamene ukutulutsa ngala, ndiponso ndi mawu onenera munthu wokongola ndi wakhalidwe. Chachiwiri anati ndi Mei. Chinali ndi mtengo pambali pake, ndipo anati ndi duwa la mtengo wina wa kwawo limene limaphuka m'nyengo yozizira kwambiri, mitengo ina yonse itayoyola masamba. Silidikira kuti kunja kukhale bwino. Shumei. Munalibwereza kangapo, n'kunena kuti likumveka bwino m'kamwa.

Koma chimene chinakugwetsani misozi chinabwera pambuyo. Anatulutsa chithunzi cha ana awo awiri aakazi amene anawasiya kwawo, wina Shulani, wina Shuyu. Anati kwawo ana a mbadwo umodzi m'banja amagawana chigawo chimodzi cha dzina, kuti aliyense womva adziwe kuti awa ndi pachibale. Shu ameneyo ndi wa ana awo. Sachita kugawa pamsewu. Anati dzina lawo sangamupatse mwana wanu, koma angathe kumuika pamzere umodzi ndi ana awo, akhale mng'ono wawo. Munthu amene munamunena kuti wanyansidwa ndi mwana wakuda anali atamupanga mwanayo kukhala wake. Tambala uja anaphedwa tsiku lomwelo, ndipo a Lini anadya ndi manja.

Kuyambira pamenepo Uliwa sanapume. Aliyense amene analakwitsa n'kukufunsani kuti dzina la mwanayu ndi lachiyani ankakhala atadziputira. Munkatsika panjinga, kuyang'ana kamtengo, kusalaza dothi, n'kuyamba kujambula phesi la mpunga lija, lanu likupindika ngati mbedza. Pamsika, pamaliro, pakhomo la tchalitchi, paliponse. Anzanu akakuonani mukuwerama kutola kamtengo ankayamba kukumbuka kuti anasiya ng'ombe zosamangirira. Amama ankati mudzatha dothi la Uliwa ndi zolemba zanuzo. Inu munkayankha kuti dzina lopanda wolifotokoza ndi phokoso chabe.

A Lini anabwerera kwawo mu 1975. Mlendo ndi mame. Patapita zaka ziwiri, munthu wina amene poloti yake inali kumunsi kwa ngalande, kumene madzi amafika mochedwa, anayamba kuiyang'ana yanu ya kumtunda. Dzina lake sititchula. Akudzidziwa, ndipo kuwerenga amatha. Anapita kwa akuluakulu a chipani kukanena kuti Chakufwa anatcha mwana wake dzina la ku China kumene kumathandiza zigawenga, ndipo kuti zimene amajambula pansi zija ndi zizindikiro zotumizira anthu othawira kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Zinali zoseketsa, koma masiku amenewo nkhani yotere sinkasekedwa.

Anakuitanani pamsonkhano pansi pa mtengo wa mango, mudzi wonse ulipo. Anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Muimirire, munene kuti kuyambira lero mwanayu ndi Margaret, anthu aombe m'manja, aliyense azipita kwawo. Amama anali atakupemphani kuyambira dzulo lake kuti mugonje. A Zebedee anati dzina ndi mphepo, silidyedwa, ana amadya mpunga. Inu munaimirira chipewa chili m'manja, mwaulemu wonse, n'kufotokoza kuti maiko otchedwa China alipo awiri, ndipo kuti munthu amene anapereka dzinali anabwera ndi boma lomweli, ankayenda pagalimoto ya boma lomweli. Anakuyankhani kuti kudziwa zambiri za China koteroko ndiye umboni wake. Pamenepo munavala chipewa. Munati poloti angatenge chifukwa si yanu, koma dzinali linaperekedwa ndi munthu amene anawolotsa mkazi wanu pamadzi, ndipo simungalivule mwini wake ali kutali, sakumva. Anakufunsani kachiwiri. Munati yayi.

Anakutengani mbande zili pa nazale, munabwera anthu atapuntha kale mpunga. Kumene munali simunatiuze, ndipo ife sitinafunse. Munabwera mutaonda, mano awiri akutsogolo palibe, ndi chifuwa chimene sichinakusiyeninso. Koma simunalowe m'mudzi mozemba ngati wakuba. Munaima pamsewu pomwe n'kuitana Shumei mokweza, mawu akuthera m'kutsokomola, mpaka mwana anatuluka akuthamanga ndipo makomo onse anamva. Poloti munaipeza ili m'manja mwa munthu uja. Simunapite kukadandaula kwa aliyense. Munamangirira dengu panjinga n'kuyamba kupita ku Sangilo kukapikula usipa, ndipo usipa umenewo ndi umene unatiphunzitsa sukulu. Munayenda nacho chifuwacho zaka zisanu.

Zimene zinachitika mutapita tikuuzani mosabisa, chifukwa munkadana ndi nkhani zophimba. Pamaliro anu penipeni amayi ena ankanong'ona kuti dzina la mwanayu ndi limene lakudyani. Ankanong'ona mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ali pambali pawo, ngati mwana alibe makutu. Chaka chotsatira a Zebedee anapita kusukulu kukamulembetsa kuti ndi Margaret, poopa kuti ndi dzina linalo sangasankhidwe kupita kusekondale. Sitikuwada. Anachita ndi mantha, osati nkhanza, ndipo mantha amenewo tonse tinali nawo. Mwanayo sanakane. Anali atakhulupirira kuti anakuphani ndi iye.

Choncho anakula ali Margaret. Anapita kusekondale ali Margaret, anaphunzira zauphunzitsi ali Margaret, ndipo ana a sukulu ya ku Lupembe kumene akuphunzitsa amamudziwa motero. Amama okha ndi amene ankamuitana Shumei, m'nyumba, motsitsa mawu, iye n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Ife a Yunike ndi Manase tinkangoti iwe, kuti tisalakwire mbali iliyonse. Zinkatipweteka, Adada, koma tinkati bola mtendere.

Ku Lupembe komweko anapezana ndi Ambokile, mnyamata wofatsa, kalaliki kuboma. Mukanamukonda. Amaseka nthabwala za ena, ndipo akabwera sakhala manja lende, amagwira khasu. Anthu a kwawo anabwera, nkhani inayenda bwino, ng'ombe za malowolo zinalowa m'khola lanu. Koma pokambirana paja bambo ake a Ambokile anawatengera a Zebedee pambali. Anati amva za dzina lina limene linabweretsa mavuto m'banja lino, ndipo popeza mwana wawo amadya za boma, akupempha kuti dzinalo lisamveke kutchalitchi, lisamveke paukwati, ndipo adzukulu awo asadzalidziwe. A Zebedee anavomera. Yunike, amene pakamwa pake mumapadziwa, anakamuuza mwini wake.

Mwana wanu anabwera kunyumba Loweruka, anawapeza amama akupeta mpunga, n'kuwafunsa maso ndi maso ngati n'zoona kuti dzina lake ndi limene linakuphani. Amama anaika lichero pansi. Anamuuza kuti chinakuphani ndi munthu wofuna madzi a m'munda mwa mnzake, pamodzi ndi anthu amene anakhala phee akudziwa kuti ndi bodza. Anamuuza kuti m'zaka zanu zomaliza, pamene chifuwa chinkakuletsani ngakhale kuseka, chinthu chimene chinkakuwalitsani nkhope chinali kumuitana iye ndi kumumva akuvomera. Anati iwo anakupemphani kuti mugonje chifukwa ankafuna mwamuna wamoyo, ndipo akanakupemphaninso lero, koma poti munakana, n'kulipira mano, munda ndi moyo, ndiye dzinalo likatayika mudzakhala kuti munalipira chinthu chimene kulibe. Mwanayo anatola lichero n'kumaliza kupeta.

Mawa lake linali tsiku loyamba kulengeza ukwati wawo. Tchalitchi chinadzaza, a kuchimuna atakhala mbali yawo atavala bwino. Mkulu wa mpingo anawerenga kuti Ambokile akufuna kumanga banja ndi Margaret Mwandira, ndipo monga mwa mwambo anafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa. Funso limeneli sakhala akuyembekeza yankho. Koma munthu anaimirira, ndipo anali mkwatibwi mwini.

Anayankhula m'Chitumbuka. Anati m'nyumba ya Chakufwa Mwandira simunabadwe Margaret. Anati iye ndi Shumei, ndipo amene akufuna kumukwatira akwatire Shumei. Ananena tanthauzo lake lonse, za mpunga wotulutsa ngala, za duwa losadikira nyengo yabwino, za akulu ake awiri a kutsidya kwa nyanja zazikulu amene sanawaonepo. Anati bambo ake sanali chigawenga, anali mlimi wodziwa kuthokoza. Munthu wa poloti uja analipo, wakalamba tsopano, amakhala kutsogolo. Anatsegula buku la nyimbo n'kumaliyang'ana ngati alamulidwa kuliloweza.

Mkulu wa mpingo anayang'ana abusa, abusa anayang'ana denga. Shumei sanakhale pansi. Ataona kuti sakhala, mkulu uja anawerenganso chilengezocho, lilime likupunthwa padzinalo. Iye analitchula bwinobwino kuti amve, ndipo anaimabe mpaka mkuluyo analinena molondola. Amama anaimba nthungululu ali okha. Yunike anawatsatira. Kenako amayi ena atatu kapena anayi kumbuyo, mwina ena mwa omwe aja ananong'ona pamaliro, sitinatembenuke kuti tione.

Tikanakonda kukuuzani kuti zinathera pomwepo mokoma, koma tikanakunamizani. Bambo ake a Ambokile anatuluka pemphero lomaliza lisanachitike. Pakati pa sabata anatumiza munthu kudzanena kuti ng'ombe zawo zibwerere. Sitinadikire kuti adzatenge. Manase anazitulutsa m'khola n'kuziyendetsa yekha mpaka ku Lupembe, masana, pamsewu waukulu, kuti aliyense aone kuti palibe imene tadya. Ambokile sanabwere. Tamva kuti sakudya bwino, tamva kuti akukangana ndi bambo ake, koma kumva si kuona, ndipo njinga yake sinaime pakhomo pano. Sitimuweruza msanga. Ntchito ya boma ndi imodzi, ndipo ife tikudziwa kuposa wina aliyense chimene dzinali limatha kumulanda munthu.

Shumei amalira, Adada. Mnyamatayo amamukonda, ndipo diresi inali itasokedwa kale. Amapita kukaphunzitsa maso ali otupa. Sabata yatha a Zebedee anabwera, anakhala naye pansi mwachifatse, n'kumuuza kuti mpata ulipobe. Akangopita kukapepesa, n'kunena kuti unali ubwana, ng'ombe zibwerera ndipo ukwati uchitika. Anawamvetsera mpaka anamaliza, pakuti ndi bambo ake aang'ono. Anawathokoza chifukwa chomulera. Kenako anawauza kuti Ambokile akadzabwera adzamupeza, chaka chino kapena china, koma adzayenera kuima pabwalo n'kumuitana ndi dzina lake, mokweza, anthu akumva. Akalephera kutero ndiye kuti ankafuna mkazi wina, ndipo iye sangamuletse kukamufuna. A Zebedee ananyamuka kuti azipita. Potsanzika, pakhomo penipeni, anati tsala bwino Shumei. Aka kanali koyamba kuti dzinalo lituluke m'kamwa mwawo chichokereni inu.

Ndiye kwa amene mukuwerenga izi ndi mtima wina, tikuti nyumba ndi yomwe ija, kuseri kwa msika wa Uliwa, sitinasamuke. Dzina limene munafuna lifufutidwe pansi pa mtengo wa mango lalembedwa lero m'nyuzipepala, ndipo amene wapempha kuti lilembedwe m'zilembo zikuluzikulu ndi mwini wake. Tili ndi mantha, sitikana. Koma tinakhala chete zaka khumi ndipo kukhala cheteko sikunatibwezere bambo athu.

Okulirani ndife mkazi wanu Eliness NyaKayira, ana anu Yunike ndi Manase, ang'ono anu a Zebedee, adzukulu anu Hilda ndi Gordon amene amakudziwirani pachithunzi, ndi mwana wanu wotsiriza,

SHUMEI MWANDIRA.

Gonani, Adada. Sitidzakuiwalani, ndipo palibe amene adzatiuze kuti tikuiwaleni.